Maboma anayi tikufuna dongosolo limodzi la ziwerengero za chitukuko: tiyambire pati?

Funso: Ndimagwira ntchito mu ofesi ya mapulani a chitukuko pa khonsolo ina m'chigawo cha kummwera. Maboma anayi oyandikana tagwirizana zokhala ndi dongosolo limodzi la pakompyuta losunga ziwerengero za ulimi, misika, misewu ndi mabizinesi, kuti litithandize kutukula chuma cha dera lathu. Bungwe lina lalonjeza ndalama za zaka zitatu. Panopa komiti yathu ikungokangana za mtundu wa server (kompyuta yaikulu yosungira zonse) ndi kampani yoti itipangire app. Tiyambire pati, ndipo tipewe chiyani?

Yankho: Mkangano wa server uimitseni kaye. Makina ndi chinthu chomaliza kusankha, ndipo mukafika pamenepo mudzapeza kuti ndi gawo losavuta pa ntchito yonseyi. Choyamba n'kudziwa ziganizo zimene dongosololi lidzasinthe. Tengani milungu itatu kapena inayi mukukhala pansi ndi anthu amene amamanga mfundo zokhudza chuma m'maboma anuwo: a DEC (komiti ya akuluakulu a nthambi za boma pa khonsolo), makhansala a m'komiti ya zachuma, mkulu wa zaulimi, woona za misewu, atsogoleri a makopaletivi, ogula mbewu akuluakulu, eni zigayo. Aliyense mufunseni mafunso anayi okha. Ndi chiganizo chiti chimene mumapanga chaka chilichonse? Mumachipanga mwezi uti? Mukadakhala ndi nambala iti m'manja, mukadasankha mosiyana? Panopa nambalayo mumaipeza kuti?

Mayankho ake amakhala a zinthu zogwirika. Woona za misewu amafuna kudziwa mvula isanagwe kuti ndi misewu iti yafumbi imene imatulutsa katundu wambiri, chifukwa ndalama zopalira misewu sizikwanira yonse. Kopaletivi ya nandolo imafuna kudziwa mu Ogasiti ndi Seputembala ngati igulitse tsopano kapena isunge. Munthu wofuna kutsegula makina oyenga mafuta a mpendadzuwa amafuna kudziwa matani amene angapeze pafupi, komanso malo a malonda amene ali ndi magetsi a three phase. Khonsolo nayo imakonza bajeti chaka cha boma chisanayambe pa 1 Epulo, choncho lipoti lofika mu Meyi, ngakhale likhale lokongola chotani, ladutsidwa ndi basi. Nambala iliyonse imene palibe munthu wakuuzani kuti adzaigwiritsa ntchito pa chiganizo chakutichakuti, mwezi wakutiwakuti, ichotseni pa mndandanda. Chaka choyamba musapitirire zizindikiro 12 kapena 15, kutanthauza mitundu ya manambala imene muziitsata. Komiti idzafuna 80, pakuti nthambi iliyonse imafuna kudziona m'dongosolo, koma zizindikiro 80 zimatanthauza fomu ya masamba ambiri imene mlangizi adzaidzaza atakhala pakhonde, osapita kumunda.

Chizindikiro chilichonse chikhale ndi tsamba lake limodzi lofotokoza tanthauzo lake, muyeso wake, wotolera, kangati, wotsimikiza ndi wogwiritsa ntchito. Tsambali liziwoneka laling'ono, koma ndi limene lidzathetse mikangano pakati pa maboma anayi pamene wina akuwerenga mahekitala othiriridwa ponena za malo onse a sikimu, pomwe mnzake akuwerenga malo okhawo amene madzi afikadi chaka chino.

Chachiwiri, musatolerenso zimene ena akutolera kale. Ofesi ya ziwerengero za dziko ya NSO ku Zomba ili ndi zotsatira za kalembera wa 2018, amene anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo ziwerengero zake zimatsika mpaka ku madera a mafumu aakulu ndi timadera ting'onoting'ono towerengera. Kafukufuku wa m'makomo wa IHS amakuuzani za umphawi ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, koma dziwani kuti anakonzedwa kuti alankhule za boma lonse. Simungamukakamize kuti akuuzeni za T/A mmodzi. Achipatala ali ndi dongosolo lawo la ziwerengero la DHIS2, amaphunziro ali ndi lawo la EMIS, a zaulimi amachita kafukufuku wa zokolola wa APES katatu pa nyengo ya ulimi, a chisamaliro cha anthu ali ndi kaundula wa mabanja wa UBR, azachuma ali ndi dongosolo la ndalama za boma la IFMIS, ndipo mapu ambiri ali pa tsamba la pa intaneti la MASDAP ndi ku dipatimenti ya Surveys. Inuyo muli ndi SEP (buku lofotokoza chuma ndi moyo wa anthu) ya boma lililonse ndi mapulani a m'midzi ochokera ku makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera a mafumu aakulu (ADC). Dongosolo lanu likhale lolumikiza zimenezi, ndipo litolere lokha zinthu zochepa zimene palibe akuzisunga bwino: mitengo ya mlungu ndi mlungu m'misika ing'onoing'ono, misewu ndi milatho imene yaduka m'dzinja, nkhokwe ndi malo osungira katundu amene ali ndi mpata, masikimu a mthirira amene akugwiradi ntchito, ndi kaundula wa mabizinesi. Pa zonse zimene mudzatenge kwa ena, lemberanani pangano lonena tsiku limene azikutumizirani ndi maonekedwe a fayilo yake. Kudalira ubale wa maofesala awiri kumatha tsiku limene mmodzi wa iwo wasamutsidwa.

Tsopano tifike pamene madongosolo ambiri otere amafera, ngakhale makina ali abwinobwino: mndandanda wa malo. Nthambi iliyonse ya boma inagawa dziko mwanjira yake. A zaulimi amawerengera madera a ulangizi otchedwa ma EPA ndi masekishoni awo, achipatala amawerengera dera lozungulira chipatala chilichonse, amaphunziro amawerengera mazoni, a zisankho mawodi, ndipo mapulani a chitukuko amayenda motsata mafumu. Malire amenewa sagwirizana. EPA imodzi ikhoza kulowa m'madera a mafumu aakulu awiri kapena atatu. Ndiye mukafuna kuyankha funso losavuta ngati lakuti, kodi kwa T/A uyu kumene ana ambiri akunyentchera zokolola za chimanga zinali bwanji, mupeza kuti manambala awiriwo sangaikidwe pa mzere umodzi. Onjezerani vuto la maina. Mudzi umodzi umalembedwa mitundu itatu m'mafayilo atatu, monga mmene Chikwawa ndi Chikhwawa zimasinthanirana ngakhale m'zikalata za boma. Midzi iwiri yotalikirana imatha kukhala ndi dzina limodzi. Midzi imagawikanso mfumu yatsopano ikavekedwa, nyakwawa n'kukwezedwa kukhala gulupu. Ngakhale maboma enieniwo anasinthapo malire: Phalombe inapatuka ku Mulanje, Balaka ku Machinga, Neno ku Mwanza, ndipo amene akuyerekeza ziwerengero zakale ndi zatsopano osadziwa izi amaganiza kuti anthu anachepa.

Mankhwala ake ndi otopetsa koma palibe njira yachidule. Pangani mndandanda umodzi wa midzi, misika, masikimu, nkhokwe, milatho ndi malo a malonda. Chilichonse chikhale ndi nambala yake yosasintha, GPS yake, dzina lovomerezeka ndi maina ena amene anthu amalemba. Yambirani pa manambala a NSO m'malo mopeka anu. Pa mudzi uliwonse lembani EPA yake, chipatala chake, zoni yake, wodi yake ndi mfumu yake yaikulu. Mukatero nambala iliyonse yotoleredwa pa mudzi ingathe kusonkhanitsidwa motsata malire a nthambi iliyonse. Mudzi ukagawika, nambala yakale musaifute kapena kuipereka kwa wina. Itsekeni, lembani tsiku, ndipo midzi yatsopanoyo ilandire manambala atsopano olozera ku yakaleyo. Munthu mmodzi yekha pa boma lililonse akhale ndi mphamvu zosintha mndandandawu. Pa fomu ya pafoni, wotolera asamalembe dzina la malo ndi zala zake, azisankha pa mndandanda. Ntchito imeneyi ikhoza kukudyerani miyezi itatu kapena inayi, ndipo a bungwe lopereka ndalama angadandaule kuti sakuona kanthu. Limbani mtima. Ngakhale pulojekiti itatha mawa, mndandandawu wokha udzakhala wa phindu kwa zaka zambiri.

Mitengo ya pamsika nayo ili ndi misampha yake. Imani pa msika wa kumudzi tsiku la msika muone. Pakhomo pali venda wapachika sikelo pamtengo, akugula kwa alimi pa kilogalamu. Mkati muli mayi akugulitsa chimanga chomwecho pa ndowa, wina pa mbale. Ndowa ya malita 20 yodzaza chimanga chouma mofanana ndi mlomo imalemera makilogalamu pafupifupi 14 kapena 15, koma yodzaza mpaka nsonga imaposa pamenepo, ndipo ndowa zina zogulira zinafutukulidwa dala. Thumba limene aliyense akulitchula kuti la 50 likhoza kukhala losokerera pamwamba. Wotolera akangolemba kuti chimanga chili pa mtengo wakuti, simudziwa ngati ndi mtengo umene mlimi akulandira kapena umene wogula akulipira, komanso simudziwa muyeso wake. Choncho fomu ikhale ndi malo awiri osiyana, mtengo wogulira ndi mtengo wogulitsira, onse pa kilogalamu. Wotolera aliyense mum'patse sikelo yakeyake yopachika, ndipo kamodzi pamwezi aziyeza ndowa ndi mbale za pamsikapo kuti adziwe kulemera kwake kwenikweni. Azifika tsiku la msika, ola lomwelomwelo mlungu uliwonse, chifukwa mtengo wa m'mawa ndi wa madzulo umasiyana. Afunse ogulitsa atatu kapena asanu, alembe mitengo yonse, dongosolo lizitenga wapakati. Alembenso mkhalidwe wa mbewu: chimanga cha mu Epulo chisanaume bwino sichifanana mtengo ndi chouma chofika chinyezi cha 13 peresenti, ndipo mtedza wosenda ndi wosasenda ndi katundu wosiyana.

Mtengo uliwonse uzisungidwa ndi tsiku lake, monga mmene unalili, osausintha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo woyerekeza mtengo wa chaka chimenecho ndi wa chaka chotsatira popanda kuchotsapo kukwera kwa mitengo ya zinthu angauze khonsolo kuti alimi alemera pamene asauka. Kuwerengera kotero kuzichitika pa lipoti, pogwiritsa ntchito ziwerengero za mwezi ndi mwezi za NSO.

Musaiwale kuti mtengo wa mbewu za m'dera lanu nthawi zambiri umapangidwira kunja kwa dera lanu. Mu 2017 dziko la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo mtengo kuno unagwa moti alimi ambiri a kummwera anasowa kogulitsa. Dongosolo loyang'ana misika ya maboma anayi okha likadangolemba kugwako kutachitika kale. Ikanimo mizere ingapo ya kunja: mtengo umene makampani a ku Limbe akugulira, mtengo wa ku Lilongwe, ndi zimene zikuchitika pa malire. Chimanga chambiri chimalowa kuchokera ku Mozambique kudzera pa Muloza ndi njira zina zosalembedwa, ndipo chimakhudza mtengo wa ku Mulanje ndi Phalombe msanga. Malipoti a mabungwe a FEWS NET ndi IFPRI okhudza msika wa chimanga amapezeka kwaulere. Munthu mmodzi apatsidwe udindo wowawerenga ndi kulemba ndime imodzi mwezi uliwonse.

Za anthu otolera ndi zimene makomiti sakonda kukambirana, koma ndi pamene choonadi cha manambala chimabadwira. Mlangizi wa zaulimi ali kale ndi mafomu a unduna wake ndi a mabungwe angapo. Mukamuonjezera yanu, ikhale yotheka kudzaza m'mphindi khumi. Mukayamba ndi alawansi yaikulu chaka choyamba, dziwani kuti tsiku limene alawansiyo idzathe mafomu adzasiya kubwera. Ndi bwino kupereka zochepa zimene khonsolo ingapitirize yokha, monga mayunitsi ndi mafuta a njinga yamoto, ndipo zizifika pa nthawi yake. Chimene chimasunga wotolera kwa nthawi yaitali n'kuona zotsatira. Mlungu uliwonse alandire uthenga wosonyeza mitengo ya misika yonse, wake uli pomwepo, kuti akhale ndi chouza alimi ake. Munthu amene amangotumiza manambala kumwamba osamvako kanthu amayamba kukopera a mlungu watha.

Chenjeraninso ndi nambala iliyonse imene yamangiriridwa ku mphotho kapena chilango. Ngati anthu akudziwa kuti chiwerengero cha mabanja osowa chakudya ndicho chibweretse chimanga cha thandizo, chiwerengerocho chidzakwera. Ngati kaundula wa mabizinesi akulembedwa ndi yemwe amadula matikiti a msonkho wa pamsika, eni magolosale ndi osoka zovala adzabisala kapena kuchepetsa zonse. Si kuti anthu ndi oipa, akungoteteza pakamwa pawo. Siyanitsani wolemba ndi wokhometsa msonkho, ndipo nenani poyera chimene kaundulayo adzagwiritsidwire ntchito. Pa mafomu khumi alionse, imodzi izitsimikizidwa ndi munthu wina pobwerera pamalopo kapena kuimba foni. Dongosolo lizikana lokha nambala yosatheka, monga mtengo wokwera kuwirikiza kakhumi pa mlungu umodzi chifukwa chala chaonjezera ziro, ndipo liziika chizindikiro pa msika umene mtengo wake sunasinthe ngakhale tambala kwa milungu isanu ndi umodzi.

Mukafika apa m'pamene mungakambe za makina, ndipo langizo lathu ndi lakuti musalipire kampani kuti ikupangireni app yatsopano. KoboToolbox ndi ODK ndi mapulogalamu aulere odzazira mafomu pa foni ya Android popanda netiweki, n'kutumiza mukafika pamene netiweki ikugwira. QGIS ndi yaulere yojambulira mapu. DHIS2, imene inapangidwa ku University of Oslo, ndi yaulere ndipo mayiko ena akuigwiritsa ntchito ngakhale kunja kwa zaumoyo. Ubwino wake kuno n'kuti pali kale a Malawi oidziwa bwino. Fomu ya mawu ndi manambala okha imadya bandulo yochepa kwambiri, chimene chimamaliza bandulo ndi zithunzi, choncho zithunzi zizitengedwa pokhapokha pakufunika umboni, monga mlatho woduka, ndipo muchepetse kukula kwake.

Server yoikidwa m'chipinda cha pa khonsolo imafuna magetsi osazima, chozizira, ndi katswiri wokhalapo nthawi zonse. Kumbukirani kuti namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kupitirira chaka. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu ndi mawaya m'maboma a kummwera pa nthawi imene uthenga unkafunika kwambiri. Bwerekani malo pa server ya ku malo osungirako makina odalirika, mutafunsa kaye a dipatimenti ya e-Government za malamulo a kumene ziwerengero za boma ziyenera kusungidwa. Pa ofesi ya boma lililonse pangofunika malaputopu awiri, router ya intaneti, ndi sola yokwanira. Werengerani motere: malaputopu awiri a mawati 60 kwa maola 8 ndi mawati-ola 960, router ya mawati 10 kwa maola 10 ndi 100, zonse pamodzi pafupifupi 1,100 patsiku. Mapanelo okwana mawati 400 ndi batire ya mavoti 12 ya 200Ah zikwanira, pokumbukira kuti batire ya asidi simuyenera kuitsitsa kupitirira theka. Kope la zonse lizisungidwa malo awiri osiyana, ndipo kamodzi pa miyezi itatu yesani kubwezeretsa zonse kuchokera ku kopelo, chifukwa ambiri amadzazindikira kuti kope lawo n'lopanda kanthu tsiku la tsoka.

Aliyense akhale ndi dzina ndi password yakeyake, ndipo dongosolo lizilemba amene wasintha nambala, tsiku ndi nambala yakale. Nkhani ya Cashgate ya 2013 inaonetsa zimene zimachitika anthu akatha kulowetsa ndi kufuta zinthu m'dongosolo la pakompyuta popanda wowaona. Maina, manambala a foni ndi a chiphaso cha unzika musatolere ngati chiganizo chanu sichikuwafuna. Pamene akufunikadi, monga pa kaundula wa mabizinesi, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 likukhudzani: uzani munthu chifukwa chake, sungani mosamala, ndipo musapereke mndandandawo kwa andale kapena otsatsa malonda. Ziwerengero zosonkhanitsidwa zopanda maina ndi za anthu onse, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, zitulutseni musanapemphedwe.

Kampani ikabwera kudzakuonetsani dashboard (tsamba loonetsa manambala m'zithunzi) ya mitundumitundu pa sikirini yaikulu, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Khansala kapena mlimi salowa pa dashboard. A DEC apatsidwe tsamba limodzi mwezi uliwonse: mapu amodzi, manambala asanu, ndi ziganizo zimene zikudikira. Alimi ndi amalonda afikiridwe kudzera pa wailesi za m'madera, uthenga wa SMS umene foni ya mabatani imalandira, magulu a WhatsApp a makopaletivi, ndi bolodi la choko pakhomo pa msika lolembedwa m'mawa wa tsiku la msika, m'chilankhulo cha anthu a pamalopo. Ku Kerala m'dziko la India, mafoni atafika kwa asodzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kusiyana kwa mitengo ya nsomba pakati pa misika kunachepa kwambiri ndipo kutaya nsomba zosagulidwa kunatha. Koma msodzi uja anali m'boti, amatha kukhotera ku doko lina. Mlimi wa matumba atatu amene ali ndi ngongole ndipo msewu wake waduka sangapindule pongomva kuti ku Limbe mtengo ndi wabwino. N'chifukwa chake uthenga wa mitengo uyenera kuyendera limodzi ndi wa malo osonkhanitsira katundu, magalimoto ndi nkhokwe, ndipo makopaletivi ndiwo oyamba kuwaganizira.

Pa ndalama, lembani bajeti ya chaka chachinayi lero lino, chaka chimene bungwe lija lidzakhale litachoka. Muikemo bandulo, lendi ya server, mafuta oyendera, mafoni olowa m'malo mwa osweka ndi otayika, mabatire, ndi maphunziro a antchito atsopano. Ngati makhonsolo anayi sangakwanitse ndalamayo kuchokera m'thumba lawo, chepetsani dongosolo mpaka lifike pamene angakwanitse, ndipo ayambe kulipira kagawo kuyambira chaka choyamba, kakukwera chaka ndi chaka. Pa boma lililonse phunzitsani anthu atatu, osati mmodzi, ndipo akhale olembedwa ntchito ndi boma, osati a pulojekiti okha. Pangano la makhonsolo anayi linene khonsolo imene ikusunga dongosolo, mmene ena azisonkhera, ndi amene angasinthe tanthauzo la chizindikiro. Ngati mwalemba kampani ntchito ina iliyonse, kontilakiti inene kuti ziwerengero, code ya pulogalamu ndi ma password aakulu ndi za makhonsolo, kuti mungatulutse zonse m'fayilo wamba nthawi iliyonse popanda kulipira, ndipo gawo lomaliza la malipiro lidikire mpaka antchito anu atayendetsa dongosolo okha kwa miyezi itatu.

Musayambe maboma onse anayi pakamodzi. Sankhani ma EPA awiri m'boma limodzi, ina yapafupi ndi tala, ina yakutali kumene netiweki imavuta, ndi misika isanu kapena isanu ndi umodzi. Yesani kwa miyezi isanu ndi umodzi yokhudza nyengo yogulitsa mbewu ndi chiyambi cha mvula, mwachitsanzo Ogasiti mpaka Januwale. Musanayambe, gwirizanani zimene mudzayang'ane: mafomu asanu ndi atatu mwa khumi alionse azifika pa tsiku lake, otsimikizidwa azigwirizana ndi zimene zapezeka pobwerera, lipoti la mwezi lizituluka pasanathe masiku khumi, ndipo m'maminitsi a DEC kapena a kopaletivi muzipezeka chiganizo chimodzi kapena ziwiri zotchula nambala ya m'dongosololi. Zitatu zoyambazo zikatheka koma chachinayi ayi, musakulitse. Bwererani kwa anthu munawafunsa poyamba aja mukamve chifukwa chake tsamba lanu silikuwerengedwa.